Fupa Lobwereketsa

Padangotero.

Panali nyama za m'nkhalango ya Perekezi, kum'mawa kwa boma la Mzimba, kufupi ndi msewu wa M1. Zinkakhala monga ankakhalira makolo awo, wamphamvu kudya, wofooka kuthawa, popanda wofunsa mnzake kuti uli mbali iti. Koma mu Juni 1993 zinaona zachilendo: anthu atafola mizere m'masukulu kukasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda. Chaka chotsatira, pa 17 Meyi 1994, chigawo cha kumpoto chinapereka mipando yake yonse 33 ya ku Nyumba ya Malamulo kwa AFORD, chipani cha a Chakufwa Chihana. A Nyani anaonerera zonsezi ali pa nthambi ya msuku, malole akudutsa, anthu akukweza zala ziwiri m'mwamba. Atatsika anaitanitsa msonkhano.

"Abale anga," anatero, "owotcha makala akutimalizira nkhalango. Chaka chilichonse tikusendera kumudzi, ndipo anzathu a kumudziko, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku, nawonso akulira akuba. Tiyeni timange khola limodzi logonekamo ana athu onse. Tisankhe mtsogoleri wa nyama zonse, tisankhenso phungu wosunga kiyi wa kholalo. Koma tichite zamakono ngati anthu. Pakhale zipani."

Zinabadwa zipani ziwiri, cha Nyanga ndi cha Mchira. Mwina mukuganiza kuti wa nyanga ankalowa cha Nyanga, wa mchira n'kulowa cha Mchira. Ayi ndithu. Ng'ombe ili nazo zonse ziwiri, chule alibe n'chimodzi chomwe. Chimene chinkagamula n'chakuti amayi ako anabadwira tsidya liti la mtsinje wa Mzimba. Wa tsidya lino ankakuwa kuti "Nyanga m'mwamba!", wa tsidya linalo "Mchira uime!", ndipo mfundo za zipanizo zinathera pomwepo.

A Fisi analowa cha Nyanga. Tsiku la masankho achipulula anatulukira atamangirira pamutu nyanga ziwiri za mbuzi ndi luzi. Gologolo atafunsa kumene anazitenga, iwo anati n'za malemu agogo awo akuchikazi, ndipo a Nkhunzi, tcheyamani wa chipani, anagamula kuti funsolo n'lachipongwe. Tisawanamizire a Fisi, ndale ankazitha. Kwa mafumu ankagwada bwinobwino, ana ankawadziwa mayina mpaka kulemera kwawo, ndipo panalibe maliro amene ankawaphonya. Ankafika oyamba, kumanda n'kutsalira okha ena onse atabwerera kumudzi, ati kupemphera. Anapambana ndi mavoti ochuluka, a Nkhunzi n'kukhala mtsogoleri, kiyi wa khola n'kulowa m'thumba la a Fisi.

Pa amayi ovina a chipani cha Nyanga panalibe woposa NyaMbuzi. Ndiye ankayambitsa nyimbo, ndiye ankatsiriza kuchoka pabwalo. Mwamuna wake, a Tonde, anakwera basi pa boma kupita ku Joni monga achitira amuna ambiri a ku Mzimba. Chaka choyamba anatumiza bulangete ndi wailesi, chachiwiri moni, chachitatu zii. NyaMbuzi anatsala ndi kamwana kamodzi kakakazi. Anapota yekha kachingwe ka khonje, nakamanga pamwendo wa mwanayo mfundo zitatu kuti azimuzindikira msanga pakati pa anzake. Madzulo aliwonse ankamuperekeza ku khola, n'kuwomba m'manja kwa a Fisi.

"Adada, ndabwera naye mwana wanu."

"Yewo, amama. Akukula bwino ameneyu," a Fisi ankayankha, akupukuta pakamwa.

M'mawa wina mwanayo sanatuluke. A Fisi anati mwina anadumpha mpanda. Sabata yotsatira anasowa mwana wa Gwape, kenako awiri a Insa. A Fisi anati mpandawo ngwaufupi, ndipo anapempha ndalama zoukwezera. Anapatsidwa.

Ndiye pali Kalulu. Iyeyu analibe khadi la chipani chilichonse, koma misonkhano yonse ankapezekapo, kufupi ndi miphika. Tsiku lina akuzungulira kuseri kwa phanga la a Fisi anapunthwa pa fupa la mwendo, lili ndi kachingwe ka khonje ka mfundo zitatu. Analitembenuza, nalinunkhiza, nati chamumtima, mlandu suola. Wina akanathamangira nalo kwa NyaMbuzi, wina kubwalo la mfumu. Kalulu analikulunga m'kathumba ka shuga n'kuwoloka mtsinje.

"Adada a Nyani, ndili ndi kanthu kokupambanitsani chisankho."

A Nyani ataliona maso anachita psuu. "Zingati, mphwanga? Ndigula pompano."

"Sindigulitsa, ndimabwereketsa. Ndowa imodzi ya mtedza pa msonkhano uliwonse. Mukamaliza mundibwezere lili ndi kachingwe kake."

Msonkhano woyamba wa fupalo unachitikira pa Jenda, tsiku la msika, pakati pa milu ya tomato, anyezi ndi mbatatesi. A Nyani analikweza m'mwamba nakuwa kuti khola lapatsidwa kwa mbava. A chipani cha Mchira anayankha kuti mbava amangidwe. Wokuwa kwambiri anali NyaNkhumba, mkulu wa amayi a chipanicho, amene analumbira pamaso pa onse kuti bola kufa kusiyana n'kudyera mbale imodzi ndi chilombo chimenecho.

Ku chipani cha Nyanga yankho silinachedwe. A Nkhunzi anayamba n'kunena kuti fupa kulibe, n'zopeka za otsutsa. Atauzidwa kuti msika wonse waliona, anati n'la galu wogundidwa ndi lole pa M1. Kadzidzi, amene ankaulutsa nkhani usiku uliwonse pamwamba pa mtengo wa mbanga, anafunsa ngati agalu a masiku ano amamanga khonje pamwendo. A Nkhunzi anati a Mchira ndiwo anapha mwanayo kuti aipitse mbiri ya phungu wogwira ntchito. Ndipo pofuna kutseka nkhani anawonjezera kuti, ngakhale zitakhala zoona, ndani sanalakwepo? Mbuzi imadya pomwe aimangirira. Mwambi umenewu anaunena NyaMbuzi ali chiimire kutsogolo kwawo, atavala nsalu ya nkhope ya a Fisi, ndipo ndiye anayambitsa nthungululu.

Kadzidzi sanagwe ulesi. Anakonza zoti NyaMbuzi akalione yekha fupalo. Mayiyo atafika pa Jenda anaziona mfundo zitatu zija, yachitatu yopendekera kumanzere monga ankamangira iye yekha. Miyendo inanjenjemera, malovu anauma. Kenako maso ake anatsika pang'ono, naona dzanja limene linagwira fupalo. Linali la a Nyani.

"Amama, n'la mwana wanu?" anafunsa Kadzidzi.

"Ayi," anatero NyaMbuzi. "Mwana wanga anatsatira bambo ake ku Joni. Khonje aliyense amapota."

Musafulumire kumutcha wabodza. Wabodza amadziwa zoona n'kuzibisira anzake. NyaMbuzi pofika kunyumba anali atazibisa kwa iye mwini, ndipo usiku umenewo anagona akuganiza zoti mwanayo akuvala chiyani m'nyengo yozizira ya ku Joni. Kuvomera fupalo kukanatanthauza kuvomera kuti zaka zonse zija ankavinira wakupha mwana wake, kuti amayi ake ndi azakhali ake onse a tsidya lino anapusitsidwa, ndipo choopsa koposa, kuti NyaNkhumba akunena zoona. Izi n'zolemera kuposa maliro.

Komabe nkhaniyo inafika ku bungwe lofufuza zakuba, limene mkulu wake anali a Fulu. A Fulu analandira dandaulo ku ofesi yawo ku Edingeni, nalidinda chidindo, nanyamuka kukafunsa mafunso. Anatsata msewu wa Edingeni kupita ku Jenda, uja maboma akhala akuulonjeza phula chisankho chilichonse, phulalo n'kumathera panjira. Tiwasiye akuyenda, tiwapezanso.

Chisankho chitakwana, fupa linagwira ntchito yake. A Nyani anapambana utsogoleri. Koma a Fisi sanagwe, chifukwa tsidya lino linawavotera ndi ukali, likuti mwana wathu akumuzunza chifukwa cha kumene amachokera. A Nkhunzi anawakumbatira nati, "Mphwanga, tivutika limodzi kotsutsa." A Fisi analira misozi, nalonjeza kuti iwo n'kufa ndi Nyanga.

Tambala asanalire kawiri anali atamasula luzi. Anaika nyanga zija pansi pa bedi, natsuka kamchira kawo kakafupi, naitana Kadzidzi.

"Si ine ndafuna," anatero, "n'zofuna za ondisankha. Mafumu andituma kuti chitukuko chili m'boma. Komanso taonani, ine mchira ndinabadwa nawo. Ndangobwerera kwathu."

Nyama zina zinakumbutsa kuti kwa anthu kuli Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, lonena kuti phungu wochoka chipani chimene chinamulowetsa m'Nyumba n'kulowa china ataye mpando. Koma a Nyani, amene anthu anawaonerera nthawi yaitali, anaseka. Anati gawolo anthu amalikumbukira akakhala kotsutsa. Mu 2005 a Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF n'kuyambitsa DPP, aphungu anakhamukira kumeneko, otsala n'kumalirira Gawo 65. Mu 2012 a Bingu atamwalira, mtsinje unatembenukira ku PP ya mayi Joyce Banda, ndipo amene dzulo lake ankati gawolo n'losokoneza chitukuko ndiwo anayamba kulilirira. Ngakhale a Chihana, anatero a Nyani, analowa boma la a Bakili Muluzi mu 1994, natuluka mu 1996 akudandaula za katangale, nabwereranso mu 2003, ndipo ulendo uliwonse panali owombera m'manja ndi otukwana, kungoti ankasinthana malo. Nanga ife nyama ndife yani kuti tiphunzitse aphunzitsi athu?

Mwambo wolandira a Fisi unachitikira ku Embangweni, chapafupi ndi mishoni ija anaikhazikitsa a Donald Fraser mu 1902. A Nyani anawaveka nsalu ya chipani cha Mchira, nawatcha nsomba yaikulu imene yagwa mu ukonde. Wowamanga nsaluyo m'chiuno anali NyaNkhumba, ndipo phwando litayamba anadyera nawo mbale imodzi osafa.

Kadzidzi anafunsa za fupa.

"Fupa liti?" anatero a Nyani.

"Lija munalikweza pa Jenda, bwana."

"Aaa, iwe, udakali pomwepo? Tamvera. A Fisi anali nyama yabwino m'chipani choipa. Nyanga zija zinkawalemera pamutu, zinkawasokoneza maganizo. Ngati panasowa kanthu, funsa amene anawaveka nyangazo. Ife tikuyang'ana kutsogolo."

Madzulo ake a Nyani anafuna kuliponya fupalo mu mtsinje wa Rukuru, koma anapeza Kalulu atakhala pakhomo, kathumba ka shuga kali m'manja. Pangano ndi pangano. Kalulu analandira katundu wake, nawerenga mfundo zitatu, nawolokanso mtsinje.

"Adada a Nkhunzi, ndili ndi kanthu."

"Choka apa, iwe! Si fupa la galu lija?"

"Talionetsetsani, adada. Kuwala kwa lero n'kwina."

A Nkhunzi analiyang'ana ndipo anadabwa kuti kale maso awo anali kuti. Ili linali fupa la mwana wa mbuzi, poyera, ndi mano a fisi oonekeratu. Anafunsa mtengo. Kalulu anati ndowa ziwiri, poti zinthu zakwera, ndalama yagwa mphamvu.

Pa msonkhano wotsatira wa chipani cha Nyanga, a Nkhunzi anaitana NyaMbuzi kutsogolo namupatsa fupalo. Mayiyo anangoliona n'kugwa pansi. Analira mokuwa, akutchula dzina la mwana wake, akuwerenga mfundo zija imodziimodzi. Patatha zaka 5 maliro anayamba. Chipani chinagula bokosi, koma analiika m'manda lopanda kanthu chifukwa fupalo linali ndi misonkhano ina 11 yoti likafikeko. Chopweteka n'chakuti misozi ya NyaMbuzi sinali yogula. Inali yeniyeni, inangodikira chilolezo.

Kiyi wa khola anali adakali ndi a Fisi, ndipo tsopano anayamba kusowa ana a tsidya linalo. NyaNkhumba anali ndi ana 9. Mwezi usanathe anatsala 6. Iye anati ndi chigodola. Atafunsidwa kuti chigodola chanji chosasiya mtembo, anati cha masiku ano n'choopsa, chimachokera kunja.

Amayi awiriwa anakumana pa chigayo cha pa boma, magetsi atazima, aliyense atakhalira thumba lake. Anakhala nthawi osalankhulana. Kenako NyaMbuzi, poona mnzakeyo atawonda, mtima unamugwira.

"Anzanga, ndamva za ana anu. Pepani."

"Yewo, amama. Ndi matenda."

"Inenso ndinkati ndi Joni."

NyaNkhumba anawerama, ndipo kwa kanthawi zinaoneka ngati anena chinachake. Mlomo unanjenjemera. Koma mphepo inakupiza nsalu ya NyaMbuzi, chizindikiro cha Nyanga n'kuonekera.

"Inu a Nyanga mulibe manyazi," anatero. "Fisi wanu anadya ana 14. Wathuyu, ngakhale titati n'zoona, sanapose 8."

"Wathu uti? Wanuyo ndiye wakuba!"

"Pamene ankaba anali wanu."

"Pamene anali wathu munkamunamizira!"

"Ndiye mukuti sanadye mwana wanu?"

"Anadya! Koma inu munalibe umboni, munkangonena mwa nsanje. Ife ndiye tili ndi umboni."

"Fupa lomwe lija tinali nalo ife?"

"Lili m'manja mwanu linali la galu."

Mwini chigayo, Kanyimbi, anati akhala akumva mikangano zaka zambiri, koma aka kanali koyamba kuona amayi awiri ofedwa akumenyanirana fisi mmodzi, aliyense akuti theka lake ndilo labwino. Magetsi atayaka anagayitsa, nachoka aliyense njira yake.

Kunali nyama ina yosatchuka, a Bulu. Ntchito yawo inali kukoka ngolo, kutuma njerwa ndi chimanga pakati pa Manyamula ndi boma. A Bulu ankadutsa pa khola m'mawa ndi madzulo, ndipo pokhala opanda chochita ndi mutu wawo pamene miyendo ikugwira ntchito, ankawerenga ana olowa ndi otuluka. Anapita ku chipani cha Nyanga ndi chiwerengero chawo, a Nkhunzi anati angofuna cha zaka za Mchira zokha. Anapita ku cha Mchira, a Nyani anati angofuna cha zaka za Nyanga zokha. A Bulu anati chiwerengero sachidula pakati, ndipo anaganiza zoima paokha.

Apa ndiye zipani ziwirizo zinagwirizana koyamba. Kunapezeka kuti a Bulu ali ndi mbiri. M'chaka cha njala cha 2002, chija anthu ankadya gaga ndi mizu nkhokwe za dziko zitagulitsidwa, a Bulu anathyola chisononkho chimodzi cha chimanga chachiwisi m'munda mwa Nkhosa. M'mawa mwake anapita okha kukaulula, nalipira pokoka ngolo ya Nkhosa masiku 7 ulere. Nkhosa mwiniwake anali ataiwala. Koma zipani sizinaiwale. A Nkhunzi anati wakuba ndi wakuba, palibe wamng'ono. A Nyani anati a Fisi palibe khoti linawapeza olakwa, pomwe a Bulu anavomera ndi pakamwa pawo. NyaMbuzi ndi NyaNkhumba, aliyense pa bwalo lake, anapeka nyimbo za chisononkho, ndipo ana ankawathamangira a Bulu mumsewu akukuwa kuti "Chimanga! Chimanga!"

Cholakwa cha a Bulu sichinali chisononkho. Analibe khamu loti liwakhululukire. Wa chipani akalakwa amakhala ndi nyama mazana zomufotokozera kuti anali mwana, anasocheretsedwa, nthawi inali yovuta. Woima payekha amasenza yekha. A Bulu anapeza mavoti 3: lawo, la akazi awo, ndi la Nkhosa.

Nanga a Fulu? Musaganize kuti ankangoyenda pang'onopang'ono nthawi zonse. Boma litasintha, panabwera dandaulo lakuti Gwape, msungichuma wa chipani cha Nyanga, anasowetsa matumba 2 a mchere. A Fulu anakwezedwa galimoto ya boma, ndipo dzuwa lisanalowe Gwape anali m'chitokosi. A Nyanga anati uku n'kusaka otsutsa, a Mchira anati lamulo ligwire ntchito. Galimoto itatha ntchito inawabweza a Fulu pamalo penipeni pamene inawatenga, kuti apitirize wapansi ulendo wa fupa.

Zaka zinapita. Kwa anthu, pa 3 Febuluwale 2020, khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, nanena kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Nyama, monga mwa chizolowezi, zinatengera. Pa nthawi yomweyo mbalame zinayambitsa chipani chawo, cha Mapiko, motsogozedwa ndi a Khwangwala, ndipo zinayamba kukoka achinyamata a matsidya onse awiri. A Nyani anawerengetsa, a Nkhunzi anawerengetsa, onse anapeza kuti payekha palibe wofika theka. Anakumana usiku ku Luwawa, m'mphepete mwa damu, natuluka m'mawa atagwirana manja. Mgwirizano. A Nyani akhalabe mtsogoleri, a Nkhunzi wachiwiri. Pa mpando wa phungu wa khola anafuna nyama yodziwa nyumba zonse ziwiri, ndipo inalipo imodzi yokha. A Fisi anasolola nyanga zija pansi pa bedi, nazipukuta fumbi, nazimanganso, mchira uli chiimire.

Kalulu anaona kuti msika ukugwa. Anathamangira kwa a Khwangwala.

"Adada, fupa ili lagwetsapo boma. Kwa inu ndowa imodzi basi, poti ndinu atsopano."

A Khwangwala analitenga, nalizunguza, naona timabowo tating'ono chakumapeto kwake. Anatsokomola. "Mphwanga, chipani chathu sichichita ndale zoipitsana mbiri. Libise msanga." Kalulu atayang'anitsitsa timabowoto anazindikira kuti n'ta mlomo wa mbalame. Mkulu akadya, otola nyenyeswa sasowa.

Anatsala kasitomala mmodzi. Kalulu anagogoda pa phanga, ataima patali ndithu.

"Bwana phungu, kale ndinkabwereketsa. Lero ndikugulitsa."

A Fisi anaseka kuseka kwawo kuja. Analipira matumba 4 a mtedza, kuchokera ku ndalama zokwezera mpanda.

Msonkhano waukulu wa mgwirizano unachitikira m'tsinde mwa phiri la Hora mu Ogasiti, anthu atangomaliza mwambo wa Umthetho, fumbi la ingoma lisanakhazikike. Nyama zinabwera kuchokera ku Khosolo, ku Mabulabo, kwa Mzikubola mpaka ku Euthini. A Fisi anayamba n'kuika mwala wa maziko a khola latsopano, lanjerwa, lamagetsi, lokhala ndi chipatala chake. Gologolo ananong'oneza mnzake kuti kufupi ndi boma kulinso mwala wina, wa yunivesite ya Mombera, umene anthu anauika mu 2015, ndipo dzina la sukuluyo linasinthidwa ophunzira asanalowe m'kalasi. Anamukhazika chete, ati asalowetse ndale pa chitukuko.

Kenako a Fisi anapisa m'thumba natulutsa fupa. Bwalo lonse linati zii.

"Amama ndi adada," anatero ndi mawu achisoni, "fupa ili latigawanitsa zaka zambiri. Mbale wadana ndi mbale. A tsidya lino analinyamula, a tsidya linalo analinyamula, ndipo ine ndakhala chete, kupirira. Sindisunga mangawa. Onse amene anandinena ndawakhululukira. Lero ndikuchotsa chogawanitsa ichi pakati pathu, kuti ana athu asadzachionenso."

Analiponya m'kamwa. Kunamveka kuti khurrr, khurrr, ndipo linatsika pamodzi ndi kachingwe kake.

Nthungululu zinamveka mpaka kuseri kwa phiri. A Nkhunzi anati sanaonepo mtsogoleri wodzichepetsa chotere, womeza yekha chitonzo chake chifukwa cha umodzi. A Nyani anapukuta misozi. Pamzere woyamba wa ovina panali NyaMbuzi ndi NyaNkhumba, phewa ndi phewa, atavala nsalu yofanana. NyaMbuzi anaphonya sitepe imodzi pamene kachingwe kankalowa, koma ng'oma inali yokoma, anaipezanso.

Patatha masiku 3 a Fulu anafika, fumbi lili thupi lonse, fayilo ili kukhwapa. Anapempha kuona umboni. Anauzidwa kuti woganiziridwayo waudya. A Fulu anatsegula buku lawo la malamulo nati, zikatero tiyenera kutsata kumene umboniwo wapita. Anyamata a chipani anawaperekeza kuseri kwa phanga, nawalozera zimene a phungu anasiya m'mawa umenewo.

Aliyense woweta ziweto kufupi ndi thengo amadziwa kuti ndowe za fisi zikauma zimayera, chifukwa cha mafupa amene amatafuna. Izi zinali zoyera ngati ufa wa mphale yonyika. A Fulu anavala magalasi, nazungulira kawiri, nalemba lipoti la mzere umodzi: "Tafufuza mpaka m'mimba, ndipo tapeza kuti a phungu ndi oyera." Anadinda chidindo.

Mawu amenewo anawasindikiza pa nsalu ya kampeni, pansi pa nkhope ya a Fisi: WOYERA KUNJA NDI M'KATI. Kadzidzi anayesa kufotokoza usiku wina chimene chimayeretsa ndowe za fisi, koma nyama za matsidya onse awiri zinagenda mtengo wake, zinati wadya ndalama za a Mapiko. A Mapiko nawonso anati wadya za boma, poti anatchulapo za timabowo tija.

Chisankho chinachitika mwamtendere. A Fisi anapeza mavoti 412. A Bulu anaimanso napeza 2, chifukwa Nkhosa anasowa sabata ya kampeni yomaliza atapita kukaona mwana wake ku khola.

A Tonde anabwerako ku Joni kudzera ku Lindela, kosungira obwezedwa kwawo, atanyamula chikwama chimodzi, ndipo chaka chino NyaMbuzi wabereka mapasa. Ukamufunsa za mwana woyamba uja amati zimenezo n'zakale, olakwa anali ena, tiyang'ane kutsogolo. Wapota zingwe ziwiri zatsopano za khonje, ndipo madzulo aliwonse amawaperekeza anawo ku khola lakale lija, poti latsopano lidakali pa mwala. Kiyi ali ndi a Fisi.

Kalulu wayambiranso kuzungulira kuseri kwa phanga m'mawa uliwonse, kathumba ka shuga kali m'manja. Akuti mgwirizano suchedwa kutha, ndipo mtengo wa ulendo uno ndi ndowa zitatu, kulipiriratu.